Kalata kwa Ophunzitsa Luso Lokonza M'kati mwa Nyumba mu Johannesburg

Kwa akuluakulu a masukulu ophunzitsa interior design mu Johannesburg, kwa aphunzitsi amene mumachonga ntchito za ana athu, ndiponso kwa atsogoleri a bungwe la IID, limene limaimira anthu a ntchito imeneyi muno mu South Africa,

Akuluakulu, ndakupatsani moni. Ine ndine kalipentala. Kwathu ndi ku Mulanje, koma ndakhala kuno ku Joni kuyambira 2007, ndipo zaka zonsezi ndadyera kukhoma makabati a m'khitchini, mashelefu a m'masitolo ndi zitseko za m'maofesi, kuyambira ku Fourways mpaka ku Alberton. Mapulani amene ophunzira anu amajambula akamaliza sukulu amathera m'manja mwa anthu ngati ine. Iwo amajambula mzere pa kompyuta, ife n'kudula thabwa potsata mzerewo. Ndalemba m'Chichewa chifukwa nkhani ya mapapo anga sindingainene bwino m'chilankhulo chobwereka, komanso ndikufuna kuti anzanga opaka penti, oika matailosi ndi odula miyala, amene ambiri ndi ochokera kwathu, awerenge nawo. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri pa imodzi mwa sukulu zanuzo, ndipo wandilonjeza kuti adzakumasulirani.

Ndi iyeyo amene wandilembetsa kalatayi. Mwezi wathawu anabwera kunyumba ndi pulani ya khitchini imene anakhoza nayo bwino kwambiri. Ndinanyadira, chifukwa fizi yake ndimaipeza ndi macheka. Pulaniyo inali yokongoladi, mitundu yake yogwirizana, malo oyendamo okwanira. Ndinamufunsa kuti pamwamba pa makabatipo waikapo chiyani, iye n'kuyankha kuti mwala wa quartz. Nditamufunsa kuti mwalawo amaudula ndani ndipo fumbi lake limapita kuti, anakhala chete. Kenako ndinamufunsa kuti mwini nyumbayo akadzatopa nayo khitchiniyi pakatha zaka zisanu, matabwa ake adzapita kuti. Anati, "Ababa, za chilengedwe tidzaphunzira chaka chamawa, pali phunziro lake." Mwanayo sanalakwe. Wayankha zimene waphunzitsidwa, zoti kusamalira chilengedwe ndi phunziro lapadera, lokhala ndi tsiku lake ndi mayeso ake, ndipo kujambula khitchini ndi nkhani ina. Pempho langa kwa inu n'loti mugwetse mpanda umenewo. M'mera m'poyamba: mwana amene wajambula zaka ziwiri osafunsapo kumene thabwa lichokera ndi kumene likathera sangasinthe chifukwa cha teremu imodzi.

Ndiyambe ndi kumene likathera, chifukwa n'kumene ndimakuona tsiku lililonse. Ndimakhala ku Rosettenville, ndipo popita kuntchito ndimadutsa pafupi ndi mtaya wa Robinson Deep, phiri la zinyalala limene likukwera pambali pa Turffontein. M'phiri limenelo muli ntchito ya manja anga. Mu 2018 tinakhoma ofesi ina kumpoto kwa mzindawu, zipinda zambiri, makabati kuyambira pansi mpaka kusiling'i. Mu 2022 alendi atasintha, kontilakitala yemwe uja anandiitananso kuti tikaphwasule. Makabati anali adakali olimba, mahinjesi ake osalira n'komwe. Ndinayesa kupulumutsako ena kuti ndikapatse tchalitchi chathu, koma sizinatheke, chifukwa pulani inalamula kuti pasaoneke sikuluwu ngakhale imodzi, choncho zonse tinamata ndi guluu kukhoma. Chomatidwa sichichoka chamoyo. Tinaphwanya ndi hamala masiku anayi, malole n'kumatuta. Akanakhala kuti wojambulayo anaphunzitsidwa kuti chomangidwa ndi masikuluwu chimamasulidwa n'kukagwira ntchito kwina, sukulu ya mkaka kapena chipatala chaching'ono chikanalandira makabati aulere.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamandipweteka kuposa apa. Thabwa la chipboard kapena la melamine muno limagulitsidwa pa muyeso wa mamilimita 2750 m'litali ndi 1830 m'lifupi. Kalipentala aliyense amadziwa manambala amenewa ngati dzina lake. Koma ndalandirapo mapulani ambiri amene miyeso ya zitseko zake inasankhidwa pongoona kukongola pa kompyuta, moti thabwa lililonse limasiya chidutswa chachikulu chosagwira ntchito ina iliyonse. Kungochepetsa chitseko ndi mamilimita ochepa, zitseko zina ziwiri zikanatuluka m'thabwa lomwelo. Kasitomala walipira thabwa lathunthu, mtengo unadulidwa wathunthu, koma gawo lalikulu lapita kumtaya lisanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Kuphunzitsa mwana kuyala zidutswa zake pa thabwa asanapereke pulani sikufuna ndalama kapena makina atsopano. Kumafuna mphunzitsi amene angabweze pulaniyo ngati zimenezi sizinachitike.

Tsopano za fumbi. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela, monga anachitira amuna ambiri a kwathu, kudzakumba golide pansi pa mzinda uno. Anabwerera kumudzi ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika m'manda. Matenda amene anagwira anthu ambiri a m'migodi ndi silicosis: fumbi la mwala limalowa m'mapapo, limasiya zipsera, munthu n'kumalephera kupuma, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa mapapowo. Zinatenga zaka zambirimbiri kuti makampani a migodi avomere, mu 2018, kulipira R5 biliyoni kwa odwalawo ndi mabanja awo, ndipo ndalamazo zikudzera ku Tshiamiso Trust. Mwala wa quartz umene mwana wanga anaika pa pulani yake ndi wopangidwa m'fakitale, ndipo mitundu yambiri ya mwala umenewu imakhala ndi silica woposa 90 peresenti, mchere wa m'miyala womwe uja umene fumbi lake linadwalitsa agogo athu. Dziko la Australia linaona anyamata odula miyalayi akudwala ali aang'ono, ndipo linaletsa mwalawu kuyambira pa 1 July 2024. Kuno ndaonapo anyamata a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay akuboola malo a sinki ndi gulayinda m'khitchini yotsekedwa mazenera, popanda madzi ozimitsa fumbi, atangomanga kansalu kumphuno, tsitsi lonse mbuu. Mdzukulu akupuma ku Sandton fumbi limene agogo ake anapuma pansi pa nthaka. Wojambula amene akudziwa zimenezi angathe kulemba pa pulani kuti mabowo onse abooledwe kufakitale ndi madzi, kapena angasankhe chinthu china. Mzere umodzi wa mawu pa pulani umamveka kwa kontilakitala kuposa madandaulo a ife aganyu khumi.

N'chimodzimodzi ndi supawood ndi chipboard, matabwa opangidwa m'fakitale ndi tizidutswa ta mitengo, zimene zimagwirana ndi guluu wokhala ndi mankhwala otchedwa formaldehyde. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004, ndipo utuchi wa matabwa uli m'gulu lomwelo. Fungo limene anthu amati ndi la nyumba yatsopano, lija limaluma m'maso mukatsegula kabati, ndi mankhwala akutuluka m'matabwa, m'penti ndi m'vanishi. Ife timalipuma podula, kenako khanda la mwini nyumba limalipuma usiku wonse m'chipinda chimene makolo ake alikonzera mwachikondi. Kwathu timati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabwa otulutsa mankhwala ochepa alipo, penti wosungunula ndi madzi alipo m'sitolo iliyonse ya zomangira. Chosowa ndi wojambula amene angatchule zimenezi ndi dzina pa pulani, ndi kufotokozera kasitomala chifukwa chake. Ndipo mwana aliyense wotuluka m'sukulu zanu azidziwa kuzindikira asbestos, chomangira chakale chimene fumbi lake limawononga mapapo. Dziko lino la South Africa linaletsa asbestos mu 2008, koma adakali m'masiling'i ndi m'madenga a nyumba zakale zimene timatumidwa kukaphwasula, ndipo wophwasulayo nthawi zambiri sauzidwa.

Kumene thabwa lichokera ndi nkhani imene imandifika pamtima monga mwana wa ku Mulanje. Mtengo umene kuno mumautcha kiaat, umene makasitomala olemera amaufuna pa matebulo awo, kwathu ndi mlombwa. Umene mumautcha African mahogany ndi mbawa. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ifike podulidwa, ndipo yatha m'nkhalango zambiri za kuno kumwera kwa Africa. N'chifukwa chake pangano la mayiko la CITES, loona za malonda a nyama ndi zomera zimene zikutha, linayamba kuyang'anira malonda a mukula, mtengo wa banja limodzi ndi mlombwa, mu 2019, ndipo mu 2022 linawonjezera mitundu ya mlombwa ndi mbawa ya mu Africa. Ndili mwana, phiri la Mulanje linali ndi mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo. Yonseyo inapita kuti? Inasanduka zitseko, mabokosi ndi masiling'i a anthu amene sanaponde ku Mulanje. Wodula anali m'bale wanga wosauka, koma wogula anali kutali, ndipo pakati pawo panali munthu amene analemba dzina la mtengo pa pepala. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwa, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri opanda mitengo ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kukwirira mabanja athunthu. Ife a kuno tinasonkha ndalama za maliro pa WhatsApp usiku ndi usana. Sindikunena kuti tebulo la ku Sandton ndilo linapha anthu ku Chilobwe. Ndikunena kuti phiri silivulidwa ndi nkhwangwa yokha, limavulidwanso ndi msika, ndipo ana amene mukuwaphunzitsa ndi amene adzauze msikawo chogula.

Aphunzitseni kufunsa pepala la thabwa lililonse, kudziwa tanthauzo la chizindikiro cha FSC, chosonyeza kuti thabwa lachokera m'nkhalango yosamalidwa bwino, ndi kusakhutira ndi mawu akuti thabwali ndi lochokera kumpoto. Aphunzitseni kuti paini ndi bulugama zolimidwa ku Mpumalanga ndi ku KwaZulu-Natal zimatha kukongola zikagwiridwa ndi mmisiri wodziwa, ngakhale minda yakenso ili ndi mlandu wake wa kumwa madzi ambiri, umene ophunzirawo ayenera kuudziwa. Muno muli mitengo yobwera ngati black wattle imene boma lakhala likuidula kuyambira 1995 kudzera mu ntchito ya Working for Water chifukwa imaumitsa mitsinje. Thabwa la mtengo umene ukuyenera kuchotsedwa kale ndi labwino kuposa la mtengo umene ukutha. Ndipo thabwa labwino kuposa onse ndi limene lilipo kale: zitseko ndi matabwa apansi a nyumba zakale za ku Kensington ndi ku Yeoville, amene ndawaonapo akuponyedwa m'lole kuti pamalo pake paikidwe pulasitiki wojambulidwa ngati mtengo.

Ndinenepo za mpando umene m'masitolo a zokongoletsa muno mumautcha Malawi chair. Ndimasangalala ndikauona m'mahotela ndi m'makonde a anthu, chifukwa ndi luso la kwathu, lolukidwa ndi manja, la nsungwi zimene zimaphukanso zikadulidwa. Koma ndamvapo ophunzira akuutchula ngati umboni wakuti pulani yawo ndi yosamala chilengedwe, osadziwa kuti woluka amakhala masiku angati pa mpando umodzi ndipo amalandira zingati poyerekeza ndi mtengo wa m'sitolo. Kuika mpando umodzi wa nsungwi pakati pa chipinda chodzaza ndi zomatamata sikusamala chilengedwe. Ndipo ngati woluka sapeza chokwanira kudyetsa ana ake, mawa adzasiya kuluka n'kupita kukaotcha makala. Munthu ndi nkhalango yake sizisiyanitsidwa, ndipo phunziro limene limawerenga mitengo n'kuiwala anthu ndi loperewera.

Za magetsi ndi madzi sindichulutsa, poti inunso munakhala mumdima mu 2023, chaka chimene magetsi anazimazima masiku oposa 300. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku malasha. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, m'nyengo yozizira usiku kumazizira koopsa koma masana dzuwa limawala, ndipo limachokera chakumpoto. Ndaikapo kabati yaitali kutsogolo kwa zenera lakumpoto chifukwa pulani inatero, kenako mwini nyumba n'kugula hita ndi mababu owonjezera. Lamulo la SANS 10400-XA la kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu m'nyumba lilipo kuyambira 2011, koma ambiri amaliona ngati la ojambula nyumba yonse, osati la okonza m'kati. Chonsecho makatani, mtundu wa penti, malo a kabati ndi chofunda cha pamwamba pa siling'i ndi zimene zimapangitsa kuti chipinda chifune hita kapena ayi. Amayi anga sanapite kusukulu, koma ankadziwa mbali yoika khonde kuti nyumba izizizira mu October. Madzi amene amatuluka pa mpopi wa m'khitchini imene mwana wanga wajambula amachokera ku damu la Vaal, ena mpaka kumapiri a ku Lesotho. Posankha mpopi ndi shawa aziganizira ulendo umenewo.

Pali chipinda china chimene sindinachionepo pa mapulani a ophunzira. Ndi chipinda chimene ambiri a ife timagonamo: chimodzi, chogawidwa ndi katani kapena ndi zidutswa za matabwa, mophikira ndi mogona momwemo. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi ambiri. M'kati mwake anthu anali atagawa malo ndi matabwa ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka, njira zothawira zili zotsekeka. Zifukwa za ngoziyo n'zambiri ndipo si za madizayina. Koma kugawa malo m'kati mwa nyumba ndi luso lanu lenileni. Ngati ana anu amaphunzira kukonza malo olandirira alendo a hotela, angathenso kuphunzira kugawa chipinda cha mamita anayi kuti banja la anthu asanu lipume mpweya wabwino, liphike osaotcha khoma, ndipo lipeze khomo mumdima, pogwiritsa ntchito zinthu zotsika mtengo zosagwira moto msanga. Anthu ofuna nzeru zotere mu mzinda uno ndi ochuluka kuposa ofuna khitchini ya quartz.

Ndikudziwa zimene mungandiyankhe. Munena kuti mwini ndalama ndi kasitomala, ndipo dizayina wachinyamata amene angakane zofuna zake adzagona ndi njala. N'zoona, ndipo inenso ndamatapo zimene ndinkadziwa kuti n'zolakwika chifukwa lendi inali pakhomo. Koma zaka zonsezi ndaona kuti makasitomala ambiri safika ndi dzina la thabwa m'mutu. Amasankha pa zitsanzo zitatu zimene dizayina wawaikira patebulo. Mphamvu ili pa amene amasankha zitatuzo. Munenanso kuti bungwe la Green Building Council South Africa lilipo kuyambira 2007 ndipo limapereka nyenyezi za Green Star kwa nyumba zosamala chilengedwe, ngakhale pa ntchito za m'kati mwa nyumba. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndagwirapo pa malo amene ankatsata zimenezo: tinkasiyanitsa zinyalala, penti ankayang'aniridwa, ndipo madzulo mutu sunkapweteka. Koma nyenyezi zimenezo zimafunidwa ndi makampani akuluakulu. Khitchini ya ku Randburg, saluni ya ku Mayfair ndi lesitilanti ya ku Melville sizidzayesedwa ndi aliyense. Kumeneko woyang'anira yekhayo ndi chikumbumtima cha mwana amene munamuphunzitsa.

Choncho chimene ndikupempha ndi malikisi, chifukwa ophunzira amalemekeza chimene chimachongedwa. Pa pulani iliyonse, kuyambira yoyamba ya chaka choyamba, mwana azilemba za chinthu chilichonse chimene wasankha: chachokera kuti, adzachidula ndani ndipo adzapuma chiyani, chidzakhala zaka zingati, chidzamasulidwa bwanji. Wolephera kuyankha asakhoze, ngakhale chithunzi chake chikongole chotani. Chaka chilichonse muziwatumiza sabata imodzi kumalo a ntchito, osati kukaima pakhomo ndi chipewa choyera, koma kukanyamula thabwa, kusesa utuchi ndi kukweza zinyalala m'lole. Muwatengere kumtaya akaone mapeto a mafashoni. Muwakumanitse ndi anthu okoka matilole a zinyalala m'misewu yathu m'bandakucha, amene ali ndi bungwe lawo la African Reclaimers Organisation, chifukwa iwowa amadziwa bwino kuposa buku lililonse chimene chimagulika kachiwiri ndi chimene chilibe wochifuna. Muitane amisiri m'kalasi ngati aphunzitsi, ndipo muwalipire tsiku lawo. Kwa inu a IID, amene mumalembetsa madizayina ndi kuwapatsa maphunziro owonjezera, ikani za fumbi la silica ndi za kumene matabwa achokera pakati pa zinthu zimene membala aliyense ayenera kudziwa. Ndipo poti kalatayi idzafika kwathu, a TEVETA ndi a MUBAS, amene amaona za maphunziro a luso ku Malawi, amvenso: supawood ndi quartz zafika kale ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ambiri odzazidula ndi anyamata amene aphunzira ntchito kuno m'njira yomwe ndafotokozayi.

Ine ndili ndi kashedi kumbuyo kwa nyumba imene ndimachita lendi. M'menemo ndasunga chitseko cha mlombwa chimene ndinachitola pa mulu wa zogumula ku Kensington, chakale kuposa ine koma chosapindika, ndipo pambali pake ndaimika chidutswa cha chipboard cha zaka zitatu chimene chinafufuma ndi madzi a pansi pa sinki. Loweruka masana ndimakhala ndilipo. Mphunzitsi amene angafune kubwera ndi ophunzira ake auze mwana wanga, ndidzakonza mabenchi ndi mamasiki okwanira onse, ndipo ndidzaitana mnzanga wodula miyala, amene masiku ano amapuma kawiri asanamalize masitepe a nyumba yake, kuti adzawafotokozere yekha.

Ine wanu,
Kalipentala wa ku Mulanje, wokhala ku Rosettenville